Wotuluka m'ndende apeze womulandira kumudzi

Mu Epulo 2020, matenda a Covid-19 atangolowa m'dziko muno, Nyumba ya Malamulo ku Maputo idavomereza lamulo lokhululukira akaidi a milandu ing'onoing'ono. Anthu pafupifupi 5,000 adatuluka m'ndende za m'zigawo zonse. Opha anthu ndi ogwirira amayi sadali m'gulu limenelo. Boma lidachita izi poopa kuti nthendayo ikalowa m'ndende idzamaliza anthu, pakuti ndende zathu zili ndi malo a anthu osapitirira 9,000 koma akaidi akhala akuposa kawiri chiwerengero chimenecho.

Zipata zidatsekuka, anthu adatuluka. Koma funso limene ife tikufunsa lero ndi ili: kodi atafika kumudzi adawalandira ndani? Funsoli silidathe ndi chaka cha 2020 ayi. Mwezi uliwonse pali wina amene watsiriza chilango chake ndipo akutsika galimoto pa Cuamba, pa Mandimba kapena pa Massangulo, kajumbo m'manja, osadziwa ngati kwawo akamutsegulira chitseko. Ena amachokera kundende ya ku Lichinga, ena ku Nampula, ndipo ena amawoloka pa Chiponde atagwira ukaidi ku Malawi.

Ife maganizo athu ndi akuti mudzi uliwonse waukulu, kuyambira ku Etatara mpaka ku Ngauma, usankhe anthu awiri kapena atatu odzipereka kuti aphunzitsidwe ntchito yoyenda ndi munthu wotereyu, komanso ndi munthu amene akufuna kusiya mowa kapena chamba. Ndipo tikunena mosapsatira kuti pakati pa osankhidwawo pakhale amene adalawapo okha ndende kapena uchidakwa, nasintha.

Tikuphatikiza ndende ndi mowa chifukwa kwathu kuno ziwirizi zimayenda panjira imodzi. Aliyense amene adakhalapo pabwalo la mfumu akudziwa kuti milandu yambiri imayambira pa botolo: ndewu ya pamowa imene yathera pa chikwanje, mbuzi ya mnansi yogulitsidwa usiku kuti papezeke ya kachasu, feteleza wa ngongole ya fodya wogulitsidwa asadafike kumunda. Nyengo yogulitsa fodya ndi thonje ikafika, ndalama za chaka chonse zimabwera tsiku limodzi, ndipo bambo wina amasowa pakhomo sabata yathunthu. Kale mowa udali wa masese, nipa ndi kachasu wotcheza amayi, ndipo mnyamata wamng'ono sankaloledwa kukhala pa bwalo la akulu. Masiku ano kuli timabotolo ta mowa waukali totsika mtengo, topezeka pa kabenchi kalikonse, ndipo ngakhale lamulo limaletsa kugulitsa mowa kwa mwana wosakwana zaka 18, ndi ogulitsa angati amene amafunsa zaka?

Tsono taganizani za bambo amene wakhala m'ndende zaka ziwiri. Mitundu yathu yambiri kuno, Ayao, Amakua, Alomwe ndi Anyanja, mwamuna amakakhala kwa mkazi. Munda umene ankalima ndi wa kuchikazi. Nyumba adamanga yekha, koma ili pa malo a apongozi. Akamabwera amapeza kuti eni mbumba adakhala kale pansi, ukwati adauthetsa, mwina mkazi adakwatiwa kwina. Abwerere kwa amayi ake ndi alongo ake, kumene adachokako zaka khumi zapitazo, ndipo malume ake akumuyang'ana ndi diso la manyazi. Alibe mbewu, alibe khasu, chiphaso chake cha BI chidatayika, ndipo kalabu ya alimi a fodya siingamulembe chifukwa palibe womuikira umboni. Nkhuku ikasowa m'mudzi, maso onse ali pa iye. Malo okhawo amene amamulandira ndi manja awiri ndi pa mowa, ndipo anzake okhawo amene samuseka ndi omwe aja adapita naye kundende. Tikadabwa bwanji akabwererako?

Ambiri a inu munena kuti madzi saiwala khwawa. Mawuwo tawamva, ndipo sitikana kuti alipo ena amene sasintha. Koma dziko lino lili ndi umboni wina umene achikulire onse adauona ndi maso awo. Mtendere utasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992, asilikali oposa 90,000 a mbali zonse ziwiri adatula zida pofika 1994. Anthu oposa miliyoni imodzi amene adathawira ku Malawi adabwerera kumabwinja awo. Ena mwa obwera kutchire adali atachita zinthu zoposa kuba mbuzi kutalitali, ndipo ozunzidwa ankawadziwa nkhope ndi maina. Boma ndi mabungwe akunja adawapatsa khasu, mbewu, ndowa ndi kandalama kwa zaka ziwiri. Koma chimene chidawabwezera umunthu si ndowa. M'madera ambiri akuluakulu a mbumba, asing'anga, mashehe ndi akulu a mpingo adawasambitsa, adawapempherera, adawadyetsa pamodzi ndi abale, ndi kuwauza kuti za kutchire zatsala kutchire. Mudzi udagwira ntchito imene bwalo la milandu silikadatha. Ngati tidakwanitsa kulandira munthu wochokera kunkhondo, tingalephere mnyamata amene adaba njinga?

Umboni wachiwiri ndi wa matenda a Edzi. Mu 2008, kuchigawo cha Tete, odwala amene ankamwa mankhwala otalikitsa moyo adayamba kupanga timagulu ta anthu osapitirira 6, mothandizidwa ndi a zaumoyo a chigawocho ndi bungwe la Médecins Sans Frontières. Mwezi uliwonse mmodzi amapita kuchipatala kukatengera onse mankhwala, ndipo akabwera amakhala pansi kuwerengerana mapiritsi ndi kulimbikitsana. Atawerenga koyamba anthu oposa 1,300 a m'timaguluti, adapeza kuti oposa 97 mwa 100 alionse adali akupitirizabe mankhwala. Unduna wa Zaumoyo udatengera nzeruyi kuzigawo zina, ndipo ndi timagulu tija mumatidziwa ndi dzina loti GAAC. Mphamvu yake siidali mwa dokotala. Idali mwa wodwala mnzako amene akudziwa kuwawa kwake, amene sungamunamize, ndipo sangakuseke.

N'chimodzimodzi ndi mowa. Gulu lodziwika padziko lonse la Alcoholics Anonymous lidayamba mu 1935 mu mzinda wa Akron ku America, pamene zidakwa ziwiri, wina wa zamalonda wina dokotala, zidazindikira kuti zimatha kupirira tsiku lathunthu osamwa ngati zikukambirana zokhazokha. Munthu amene sadamwepo akauza chidakwa kuti "ingosiyani", chidakwa chimavomera mwaulemu, kenaka chimapita kukamwa. Koma amene adagonapo m'ngalande akanena kuti "ndikudziwa mmene manja amanjenjemerera m'mawa, ndikudziwa bodza limene mukufuna kundiuza chifukwa inenso ndinkanena lomwelo", mawuwo amalowa. Ku Maputo, m'dera la Mafalala, malo othandizira ogwiritsa ntchito mankhwala ozunguza bongo amene adatsegulidwa mu 2018 adadalira kwambiri anthu oti adadutsamo okha kuti akafike kwa anzawo m'makwalala. Ku Malawi, bungwe la Prison Fellowship lidakhazikitsa nyumba ku Balaka yoti akaidi otsala pang'ono kubwerera kwawo aphunzire ntchito zamanja ndi kukonzekera moyo wa kumudzi. Zonsezi n'zabwino, koma Mafalala ndi Balaka zili kutali ndi Etatara. Kuno tiyenera kudalira anthu amene tili nawo.

Pano mpamene pali nkhani ya maphunziro, ndipo tikufuna kukhalitsapo pang'ono, chifukwa mtima wabwino wopanda chidziwitso ukhoza kupha munthu.

Choyamba chimene wodzipereka ayenera kuphunzira n'chakuti munthu amene wakhala akumwa mowa waukali tsiku ndi tsiku kwa zaka zambiri sayenera kusiyitsidwa mwadzidzidzi popanda achipatala. Thupi lake lidazolowera. Mowa ukasowa, pakangopita maola ochepa amayamba kunjenjemera, kutuluka thukuta ndi kusanza. Pa tsiku loyamba kapena lachiwiri ena amagwa ngati a khunyu. Pa tsiku lachiwiri, lachitatu kapena lachinayi ena amasokonezeka mutu, amaona njoka ndi tizilombo pakhoma, thupi limatentha, ndipo apa munthu akhoza kufa. Kumudzi zikatere timathamangira kunena kuti walodzedwa kapena wagwidwa ndi majini, timamumanga chingwe pamtengo kapena kumutsekera m'nyumba. Koma kuchipatala kuli mankhwala oziziritsa vutoli m'masiku ochepa. Wodzipereka wophunzitsidwa adzadziwa kuti tsiku losiyira mowa amapangana ndi anamwino, ndipo akaona zizindikiro zija safunsa kawiri, amafuna njinga yamoto. Mapemphero apitirire, palibe akuletsa, koma apitirire munthu ali m'manja mwa achipatala.

Ndipo achipatalawo alipo. Kuyambira m'zaka za m'ma 1990 dziko lino lakhala likuphunzitsa matekiniko a matenda a maganizo, ndipo pofika 2014 Unduna wa Zaumoyo udali utawafikitsa m'maboma 135. Vuto n'lakuti tekiniko amakhala pa chipatala cha pa boma, ndipo munthu wa kumudzi amamva kuti chitseko chimenecho n'cha amisala okha. Ntchito ya wodzipereka ndi kuperekeza munthu pa chitsekocho ulendo woyamba, ndi kumukumbutsa tsiku lobwererako.

Chachiwiri ndi mapepala ndi mankhwala a wotuluka m'ndende. M'ndende zothithikana chifuwa chachikulu cha TB chimafala msanga, ndipo mankhwala ake amamwedwa miyezi 6 osadukiza. Amene watuluka ali pakati pa mankhwala a TB kapena a Edzi afunika kalata yomusamutsira ku chipatala cha kufupi ndi kwawo. Akangosiyira panjira matenda amabwerera mwaukali, ndipo amapatsira ana a m'nyumba. Kalata yotulukira m'ndende nayonso isungidwe bwino ndi kuonetsedwa kwa mfumu ndi kwa apolisi a pa posto, kuti pasakhale wonena kuti wathawa. Zoterezi zikuoneka zazing'ono, koma munthu wamanyazi amene sadziwa kuwerenga Chipwitikizi sangazichite yekha.

Chachitatu ndi kusunga pakamwa. Wodzipereka amene amamva za mnzake masana, madzulo n'kukazifotokoza pa chitsime kapena pa bawo, waononga ntchito yonse, ndipo palibe adzamuuzenso kanthu. Izi n'zofunika koposa m'midzi ya Chisilamu ya ku Mandimba ndi Ngauma ndi m'mabanja a mipingo yoletsa mowa, kumene womwa amamwa mobisa ndipo banja lonse limabisa naye. Amayi omwa nawonso alipo, ndipo manyazi awo ndi owirikiza. N'chifukwa chake pa osankhidwa pasalephere kukhala mayi.

Chachinayi, chimene ena amachiiwala akamakamba za chifundo, ndi munthu wolakwiridwa. Mayi amene adamenyedwa mpaka kuthyoka mkono ali ndi ufulu wokana kumulandira mwamunayo, ndipo wodzipereka asadzayerekeze kumukakamiza m'dzina la kukhululuka. Lamulo la 2009 loletsa nkhanza za m'banja lidaika nkhanza zotere m'gulu la milandu ya boma, yosathera pa mkeka wa ankhoswe, ndipo kupolisi kuli ofesi yolandira amayi ndi ana ozunzidwa. Wogwirira mwana, wopha munthu, amenewo si a wodzipereka kuwasenza yekha. Iye aphunzire malire ake: si wapolisi, si woweruza, si dokotala. Akaona kuti moyo wa wina uli pangozi, chinsinsi chimathera pomwepo ndipo amakanena. Koma pa milandu ya kuba ndi ndewu, pamene wolakwiridwa wavomera yekha kukumana, kubweza mbuzi kapena kulima mizere ingapo m'munda wa wolakwiridwayo kumatsuka munthu pamaso pa mudzi koposa zaka za m'ndende.

Malamulo athu adatsegula kale njira imeneyi. Mabwalo a milandu a m'midzi, okhazikitsidwa ndi lamulo la 1992, alibe mphamvu yotsekera munthu m'ndende, koma akhoza kulamula chindapusa kapena ntchito yothandiza mudzi kwa masiku osapitirira 30. Buku la malamulo a milandu la 2014, ndi lija lidalowa m'malo mwake mu 2019, limalola woweruza kupereka chilango cha ntchito yothandiza anthu m'malo mwa ndende pa milandu ina yaing'ono. Koma woweruza wa pa Cuamba angatumize bwanji mnyamata kukalambula pa sukulu ya ku Etatara ngati kulibe munthu wodalirika womuyang'anira ndi kubweza mawu? Akasowa wotero, chapafupi n'kumutsekera, ndipo mnyamata wolowa chifukwa cha nkhuku amatuluka ataphunzira kuthyola sitolo.

Wina afunsa kuti kodi munthu wa kumudzi, wa sukulu yochepa, angaphunzire zonsezi? Ku Harare, m'dziko la Zimbabwe, dokotala wa matenda a maganizo Dixon Chibanda adayamba mu 2006 kuphunzitsa agogo aakazi kukhala pa benchi panja pa chipatala ndi kumvetsera anthu olemedwa ndi maganizo. Maphunziro ake adali a masiku osakwana masabata awiri, ndipo wodwala ankakumana ndi agogowo ka 6. Pa kafukufuku wofalitsidwa mu 2016, patapita miyezi 6 anthu 14 okha mwa 100 alionse amene adakhala pa benchi ndiwo adali akadali ndi zizindikiro za matenda okhumudwa, pamene mwa amene sadakhalepo adali 50. Kumeneko nkhani idali ya maganizo, osati ya mowa kapena ndende, koma phunziro lake likutikhudza: kumvetsera ndi luso, ndipo limaphunzitsika. Chinsinsi china cha agogo aja n'chakuti sadasiyidwe okha. Adali ndi owayang'anira oti akakumana ndi nkhani yowakulira ankaitula kwa iwo.

Apa mpamene ntchito zambiri za odzipereka zimafera m'dziko muno, ndipo tiyenera kunena zoona. Tidaona maphunziro ambiri a masiku atatu pa boma, a fanta ndi sikipa ndi chithunzi, m'Chipwitikizi chimene theka la ophunzira silikumva, kenaka zii. Maphunziro amene tikupempha achitike m'Chiyao, m'Chimakua, m'Chilomwe ndi m'Chinyanja, pa posto pomwepo, m'nyengo yachilimwe pamene ntchito ya kumunda yachepa. Ndipo mwezi uliwonse odziperekawo akumane ndi tekiniko wa chipatala kapena wa ofesi yosamalira anthu ovutika kuti atule zimene akumana nazo. Kwa amene adasiya mowa msonkhano umenewu ndi wofunika kawiri, chifukwa wonyamula mnzake naye akhoza kuterereka. Ife tikuona kuti asasankhidwe munthu amene sadathe zaka ziwiri osamwa kapena osapalamula, ndipo akagwa apumitsidwe mwaulemu, athandizidwe, osati kumuimba ng'oma.

Za malipiro tisanamizane. Alangizi a zaumoyo a m'midzi, ma APE, adayamba mu 1978, ntchito yawo idazilala m'nthawi ya nkhondo, ndipo boma litaidzutsanso mu 2010 lidawaikira maphunziro a miyezi 4 ndi kandalama ka mametikali 1,200 pamwezi, chifukwa lidaona kuti munthu sangasiye khasu lake kwaulere mpaka kalekale. Wodzipereka amene tikukamba pano sagwira tsiku lonse ngati APE, koma njinga, ndalama ya ulendo wa ku chipatala ndi mayunitsi a foni zisachoke m'thumba mwake. Ndipo ntchitoyi isamangidwe pa ndalama za kunja zokha. Mu 2025, dziko la America litadula thandizo lake, ambiri mwa maativisita a zaumoyo m'dziko muno adangouzidwa kuti akhale kunyumba. Anthu amenewa adaphunzira kale kuyenda khomo ndi khomo, kusunga chinsinsi ndi kulondola wodwala wosowa. Ali m'midzi mwathu momwemo, ndipo ndi oyamba kuwaganizira posankha.

Ndalama zina zikhoza kuchokera pafupi. Makampani ogula fodya ndi thonje m'maboma athu ano amataya ngongole zawo chaka chilichonse chifukwa cha alimi ogulitsa feteleza kuti amwere. Kuthandiza maphunziro a odzipereka 30 kungawadyere zochepa kuposa zimene amataya, ndipo alangizi awo a kumunda akhoza kuvomera kulemba wotuluka m'ndende m'kalabu ngati wodzipereka ndi mfumu amuikira umboni. Mizikiti ndi mipingo ili ndi nyumba zokumaniramo. Mabanki a m'mudzi, amene amayi ambiri amasungirako ndalama, akhoza kubwereketsa ya mbewu ndi khasu kwa munthu amene ali ndi womuyang'anira. Ofesi ya boma yolimbana ndi mankhwala ozunguza bongo, imene idabadwa ndi lamulo la 1997 ndipo ili ndi nthambi yake m'chigawo, ili ndi udindo wophunzitsa anthu, osati kutentha chamba chogwidwa pamaso pa atolankhani kokha.

Kwa inu mafumu ndi masekeretale a m'midzi, pempho lathu ndi lakuti posankha musayang'ane mphwanu kapena wa chipani chanu. Funsani amayi a pa chitsime kuti ndani amene amasunga nkhani. Funsani anyamata a njinga zamoto kuti ndani amene amamumvera. Mwina dzina limene lidzatuluke lidzakudabwitsani, lidzakhala la munthu amene inu nomwe mudamuweruzapo zaka zapitazo.

Kwa akuluakulu a ndende, pempho ndi laling'ono: mwezi umodzi munthu asadatuluke, uthenga ufike kwa mkulu wa posto ndi kwa mfumu ya kwawo, ngati mkaidiyo wavomera, kuti wodzipereka akayambe kukamba ndi malume ake, ndi mkazi wake, ndi amene adalakwiridwa. Foni zilipo tsopano mpaka kumidzi. Wailesi za m'madera za ku Cuamba ndi ku Mandimba zipereke mphindi 30 pa sabata kuti amene adasintha alankhule okha m'chinenero chawo, ndipo anamwino afotokoze zizindikiro zija za kunjenjemera ndi kugwa, kuti mabanja aleke kumanga odwala pamtengo.

Bungwe la alangizi la pa posto ya Etatara, limodzi ndi anzawo a ku Mandimba ndi Ngauma, aike nkhaniyi pa mndandanda wa zokambirana pa msonkhano wawo ukubwerawu. Maina asankhidwe mvula isadagwe, maphunziro achitike anthu asadatanganidwe ndi kupalira, kuti pamene misika ya fodya idzatsegulidwe odziperekawo adzakhale atayamba kale kuyenda m'makomo.